Tisanagule Ngolo Yotutira Zipika M'nkhalango, Tiyambe Tafunsa

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a alimi a mitengo ndi ocheka matabwa m'boma la Dedza

 Ndikudziwa kuti ena mwachokera kutali ndipo mwasiya ntchito kumunda, choncho ndiyesetsa kulunjika pa mfundo.

Ambiri a inu mumandidziwa kuyambira pamene ndinali mlangizi. Ndinkayenda pa njinga m'midzi yanu kukuuzani kuti mubzale mitengo m'malire a minda, m'mapiri ndi m'malo amene chimanga chinakana. Munamva. Bulugamu amene munabzala nthawi imeneyo wafika podula mapolo, ndipo paini amene anabzala makolo athu zaka 20 kapena 25 zapitazo wafika pocheka matabwa. Lamulo la zankhalango la 1997 limanena kuti munthu amene wabzala mitengo pa malo amene ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito, ali ndi ufulu woikolola ndi kuigulitsa. Koma kukhala mwini wake wa mitengo n'kosiyana ndi kupindula nayo. Ndalama zathu zambiri zikuthera pakati pa chitsa ndi msewu. Wogula akabwera amayang'ana phiri, amaona kuti lole yake sifika, ndiye amatchula ndalama zochepa ponena kuti adzavutika potuta. Mukakana, zipika za paini zimakhala pansi, zimayamba kuda mkati, ndipo matabwa ake sagulidwanso bwino. Mapeto ake mumavomera.

N'chifukwa chake makalabu angapo ayamba kukambirana zogula ngolo yotutira zipika yokokedwa ndi thirakitala, imene ena amati thirela. Maganizo amenewa ndi abwino ndipo ine ndikugwirizana nawo. Koma ndisanapitirire, mundilole ndiulule cholakwa changa.

Zimene zinandichitikira

Ndili mlangizi, kalabu ina imene ndinkaiyendera inasonkha ndalama za mbatata ya kachewere kwa zaka zitatu, n'kuwonjezera ngongole, kuti igule ngolo yotere. Anandipempha kuti ndiwaperekeze ku tauni poti ndine wophunzira. Dipuloma yanga ndi ya zaulimi, za makina a m'nkhalango sindinkazidziwa, koma ndinachita manyazi kunena. Wogulitsa anationetsa ngolo yogwiritsidwapo kale ntchito, yaikulu, yopakidwa penti watsopano. Anati imanyamula matani 12. Tinasangalala poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Sitinafunse za mabuleki. Sitinafunse kuti thirakitala yoikoka ikhale yotani. Sitinaiyese n'komwe ndi katundu.

Thirakitala imene tinkabwereka inali yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Sabata yoyamba, potsika phiri ngolo itadzaza, katundu uja anayamba kuikankha thirakitala kumbuyo. Matayala anatsetsereka pa masamba a paini, ngolo inapindikira m'mbali n'kugwa. Dalaivala anadumpha koma anathyoka mwendo, ndipo kalabu inamusamalira miyezi inayi. Titaikonza, kunapezeka kuti kachitsulo kena ka mu kireni katha, ndipo kuno sikapezeka. Ngoloyo ilipo mpaka lero pansi pa mtengo, nkhuku zikuikira mazira m'menemo. Ngongole anabweza ndi amayi amene anagulitsa mbuzi zawo. Akulu anati safunsa anadya phula. Phula limenelo ndinadyetsa anthu ndine, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa amakaniko, madalaivala ndi anthu a zankhalango kuti ndimvetse. Zimene ndinaphunzira ndi zimene ndabwera nazo lero.

Ngolo imeneyi ndi yotani

Ngolo yotutira zipika si yofanana ndi ngolo ya thirakitala imene timanyamulira chimanga kapena fodya. Ilibe thandala kapena zipupa. Ili ndi msana wachitsulo, ndipo pa msanapo pali nsichi zachitsulo zooneka ngati nyanga zimene zimagwira zipika kuti zisagubuduke. Kutsogolo kuli chotchinga choti zipika zisathamangire kwa dalaivala. Pansi pali matayala anayi, awiri mbali iliyonse, omangidwa pa chitsulo chimodzi chimene chimapendama ngati sikelo. Amachitcha bogie. Tayala limodzi likakwera chitsa, linzake limakhalabe pansi, motero ngolo sipendekeka kwambiri. Zambiri zimakhalanso ndi kireni, mkono wachitsulo wokhala ndi chopanira kumapeto, umene umatola chipika pansi n'kuchiika pa ngolo pogwiritsa ntchito mphamvu ya mafuta a hydraulic.

Ngolo zimenezi zinatchuka m'maiko a kumpoto kwa Ulaya kumene mlimi wamba amakhala ndi munda komanso nkhalango yake, ndipo thirakitala imodzi imalima m'nyengo ina n'kututa mitengo m'nyengo ina. Makampani monga Kesla ndi Farmi a ku Finland, komanso Palms ndi Farma a ku Estonia, amapanga ngolo zoterezi. Ku South Africa kampani ya Bell Equipment ya ku Richards Bay imapanga makina a matayala atatu onyamulira zipika ndi nzimbe. Sindikutsatsa malonda a aliyense. Ndikungofuna mudziwe kuti zipangizo zimenezi zinapangidwira misewu, nyengo ndi amakaniko a kwina. Ife tiyenera kuona ngati zikugwirizana ndi Dedza, Zomba kapena Chikangawa.

Funso loyamba: kodi ntchito ilipo yokwanira?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti hekitala imodzi ya paini wokhwima yakupatsani makiyubiki mita 250. Paini wongodulidwa kumene ndi wolemera chifukwa ali ndi madzi ambiri, kiyubiki mita imodzi imayandikira tani imodzi. Ngolo yonyamula matani 7 iyenda maulendo pafupifupi 36 kuti imalize hekitalayo. Ngati msewu uli pafupi ndipo mukuyenda maulendo asanu pa tsiku, ntchito yatha m'masiku 7 kapena 8. Kalabu imene imadula mahekitala awiri pa chaka ndiye kuti ngolo yake igwira ntchito masiku 15 okha. Masiku ena onse 350 ingokhala, pamene chiwongoladzanja cha ngongole sichipuma ngakhale Lamulungu.

Katundu yemweyo pa ngolo ya ng'ombe yonyamula theka la tani ndi maulendo 500. Apa mukuona kuti ng'ombe zimachedwa, koma sizimwa dizilo ndipo goli likathyoka timasema lina. M'nkhalango za boma muno m'Malawi ng'ombe zakhala zikugwiritsidwa ntchito kukoka zipika kuchokera pa chitsa, ndipo si njira yochititsa manyazi. Kwa kalabu ya mitengo yochepa, ng'ombe zokokera zipika pa njira, pamodzi ndi ngolo wamba ya thirakitala yoikidwa nsichi zolimba, zikhoza kukwanira. Amene mumadula mapolo a bulugamu kapena nkhuni za fodya, zimene amuna awiri amatha kunyamula, kireni simuifuna. Njira ina ndi kubweretsa macheka pafupi ndi mitengo, n'kututa matabwa m'malo mwa zipika, popeza mbali yaikulu ya chipika imathera mu utuchi ndi makungwa.

Choncho musanapite kwa wogulitsa, pitani kaye m'nkhalango ndi mlangizi wa zankhalango. Yezani mahekitala, werengani mitengo, lembani msinkhu wake, ndipo mudziwe kuti chaka chilichonse kwa zaka zisanu zikubwerazi mudzadula zochuluka bwanji. Ngati chiwerengero chikuchepa, musataye mtima. Makalabu asanu kapena asanu ndi imodzi akaphatikizana, ntchito imakwanira ngolo imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Funso lachiwiri: kodi thirakitala yanu ndi yotani?

Cholakwa chathu chachikulu chinali kusankha ngolo tisanayang'ane thirakitala. Thirakitala ndiyo imasankha ngolo. Mathirakitala ambiri amene timawaona kuno, monga a Massey Ferguson, ndi a horsepower 60 mpaka 80, ndipo amalemera matani atatu kapena kucheperapo. Ngolo ya matani 12 ikadzaza imaposa thirakitala yotereyi kanayi. Pa chigwa mukhoza kuikoka. Pa matsitso ndi ngoloyo imene imayendetsa thirakitala. Kwa mathirakitala a msinkhu umenewu, ngolo yonyamula matani 6 mpaka 8 ndiyo yoyenera, ndipo thirakitala ikhale yokoka ndi matayala onse anayi. Ngolo za matani 10 kupita m'tsogolo zimafuna thirakitala yolemera, yoyandikira horsepower 100 kapena kuposerapo.

Chenjerani ndi nambala imene wogulitsa akutchula. Makampani ena akati matani 9 amatanthauza katundu yekha, ena amaphatikiza kulemera kwa ngolo ndi kireni, zimene pazokha zikhoza kufika matani awiri kapena kuposa. Mufunseni alembe pa pepala kuti katundu yekha ndi matani angati. Kenako yerekezani ndi zipika zanu. Chipika cha paini chachiwisi chotalika mamita 4, chonenepa masentimita 30 pakati, chimalemera makilogalamu oposa 250. Zipika 28 zotere zakwana kale matani 7, ngakhale pa ngolo paoneke kuti malo alipo. Bulugamu wamuwisi ndi wolemera kuposa paini. Ngolo idzaze ndi kulemera, osati ndi maso.

Yezaninso kutalika kwa zipika zimene ogula anu amafuna. Ngati mumadula za mamita 3 ndipo nsichi zatalikirana, zipika zimagwera pakati. Ngati mumanyamula mapolo a mamita 8 kapena 9, mukufunika msana wotha kutalikitsidwa. Sankhani ngolo imene nsichi zake zimasunthika.

Thirakitala nayo iyenera kuvekedwa zovala za m'nkhalango. Pansi pake pakhale chitsulo chotchinga kuti zitsa zisabowole thanki kapena kudula mapaipi. Kutsogolo kukhale chotetezera rediyeta ndi magetsi. Pamwamba pa dalaivala pakhale chimango cholimba chomuteteza thirakitala ikagubuduka, ndi lamba womangira. Ndalama za zinthu zimenezi ziwerengedwe pa mtengo wa ngolo kuyambira pachiyambi.

Funso lachitatu: kodi malo anu ndi otani?

Mitengo yathu sitinabzale pa chigwa. Pa chigwa tinabzala chimanga, mitengo tinaipatsa mapiri. Ndiye chinthu choyamba kufunsa ndi mabuleki. Ngolo yopanda mabuleki ake isabwere ku Dedza. Funani ya mabuleki pa matayala onse anayi, ndipo muonetsetse kuti thirakitala yanu ili ndi polumikizira mabulekiwo, chifukwa mathirakitala akale ambiri alibe ndipo pamafunika kuikitsa. Pakhalenso buleki yoimikira ngolo ikamasulidwa.

Chachiwiri ndi matayala. Tayala lalikulu m'lifupi, monga la 400/60-15.5, silimira msanga m'matope ndipo silipondereza nthaka kwambiri. Koma funsani ngati saizi imeneyo imapezeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Tayala labwino limene mukuyenera kulidikira miyezi iwiri kuchokera kunja n'loipa kuposa tayala wamba limene mungagule mawa. Pogula ngolo mugulenso tayala lapadera ndi limu yake. Onaninso ngati pamene timapopera mpweya pali kachitsulo koteteza, chifukwa nthambi zimakonda kuthyola pamenepo.

Chachitatu ndi chitsulo chokokera. Ngolo zina zili ndi chokokera chopindika ndi hydraulic, chimene chimathandiza kuti ngolo itsate mapazi a thirakitala pokhota pakati pa mitengo. Ngati mukupatulira, kutanthauza kudula mitengo ina kuti yotsalayo inenepe, chimenechi n'chofunika chifukwa ngolo yosakhota bwino imasenda makungwa a mitengo imene mukusungira m'tsogolo. Ngati mumadula yonse nthawi imodzi ndipo njira zanu n'zowongoka, mukhoza kuchisiya n'kupulumutsa ndalama. Palinso ngolo zimene matayala ake amadzikankha okha kuthandiza thirakitala. Zimagwira bwino ntchito koma n'zodula ndipo zili ndi zambiri zoti ziwonongeke. Malo amene thirakitala singafike bwinobwino, musaikakamize. Ikani winchi, imani pa njira, kokani zipika ndi chingwe. Ndipo pa phiri tiziyenda chokwera kapena chotsika molunjika, osati chopingasa, chifukwa ngolo yodzaza imagwa msanga ikapendekera m'mbali.

Funso lachinayi: kireni

Kireni ndi imene imakopa maso, ndipo kawirikawiri ndi imene imadya gawo lalikulu la ndalama. Wogulitsa adzakuuzani kuti imafika mamita 6 kapena 7 ndipo imanyamula tani imodzi. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, koma osati nthawi imodzi. Tonse tikudziwa kuti ndowa ya madzi ukaigwira pafupi ndi thupi imanyamulika, ukatambasula mkono imalemera. Kireni yonyamula tani imodzi pa mamita 3 imanyamula pafupifupi theka la tani pa mamita 6. Funsani kuti ikatambasuka yonse imanyamula makilogalamu angati, ndipo ngati pa nambalayo achotsapo kale kulemera kwa chopanira, chimene pachokha chimafika makilogalamu 100 kapena kuposa. Yerekezani nambalayo ndi chipika chachikulu kwambiri chimene muli nacho. Onaninso miyendo iwiri yochirikiza imene imatsitsidwa pansi pokweza katundu. Popanda miyendoyo ngolo yopanda katundu imagwa pa chipika choyamba.

Kireni imayenda ndi mafuta. Makireni aang'ono amafuna malita 30 mpaka 50 a mafuta pa mphindi imodzi, ndipo mapampu a mathirakitala akale ambiri safika pamenepo. Zikatero kireni imayenda ngati birimankhwe, mafuta amatentha, dizilo akupita. Njira yabwino kwa ife ndi kugula ngolo yokhala ndi pampu ndi thanki yakeyake, yozunguzidwa ndi PTO ya thirakitala. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kusintha mathirakitala popanda vuto, komanso mafuta akuda a mu thirakitala yobwereka salowa mu kireni yanu. Pa zowongolera, sankhani za zigwiriro wamba zokoka ndi manja. Za magetsi n'zofewa kugwiritsa ntchito, koma fumbi, mvula ndi makoswe zikalowamo, makaniko wa pa Dedza boma sangakuthandizeni.

Funso lachisanu: ikawonongeka, akonza ndani?

Mu May 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. M'zaka zimenezo tinaonanso mizere ya mafuta a galimoto ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Chitsulo chilichonse choitanitsa kunja chimatsata dola, pamene matabwa athu timagulitsa pa kwacha. Choncho mtengo wa ngolo si umene mwalipira tsiku logula lokha. Wogulitsa akuonetseni ndi maso anu zitsulo zosinthira zimene ali nazo m'sitolo: mapaipi a hydraulic, masilo, mabeyaringi, mapini, mafyuluta. Akuuzeni dzina la makaniko amene adzabwere ndi masiku amene adzatenge. Akupatseni buku la makinawo m'Chingerezi, chifukwa ngolo zina zakale zimabwera ndi buku la chinenero chimene palibe angawerenge. Akulozereninso munthu wina muno m'Malawi amene anagula yofanana, mukacheze naye wogulitsayo palibe.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Penti watsopano amabisa ming'alu. Yang'anani pamene kireni yakhazikika pa msana, pa chitsulo chokokera ndi pa bogie ngati panawotcheredwapo. Gwedezani mkono wa kireni muone ngati mapini akugwedera. Nyamulani chipika, chisiyeni m'mwamba mphindi zisanu injini itazimitsidwa, anthu onse ataima kutali. Chikamatsika chokha, ndiye kuti mkati mukudontha. Idzazeni, itsitseni pa matsitso ang'onoang'ono, mupondeko mabuleki. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni ndi ngolo yake. Ndipo musanalipire chilichonse chochokera kunja, funsani ku MRA kuti akulembereni msonkho umene mudzalipire, kuti ngolo isakakhale pa chipata cha Dedza kapena Mwanza inu ndalama zitatha.

Amisiri athu owotcherera akhoza kupanga ngolo yabwino yopanda kireni, ndipo ndalama zimatsala kwathu konkuno. Koma ekiselo, mabuleki ndi chokokera zikhale zogula, zolembedwa kulemera kumene zimapirira, osati zotola pa galimoto yakufa.

Munthu ndi malamulo

Ngolo siyenda yokha. Dalaivala wodziwa kulima si ndiye kuti akudziwa kireni. Pa mgwirizano wogulira mulembe kuti wogulitsa aphunzitse anthu awiri kwa masiku angapo m'nkhalango yanu yomwe, ndipo mmodzi mwa awiriwo akhoza kukhala mayi, popeza kireni sifuna minofu koma kudekha. Pokweza katundu munthu asayandikire mamita 20. Wina asakwere pamwamba pa zipika ngakhale atakhala mlamu wa wapampando. Kireni isatambasulidwe pansi pa mawaya a magetsi. Paipi ikamadontha musaifufuze ndi chala, chifukwa mafuta othamanga chotero amabowola khungu. Girizi azipakidwa tsiku lililonse la ntchito. Ngolo ikamatuluka pa msewu waukulu ikhale ndi magetsi, zonyezimira ndi mapepala ake, katundu atamangidwa ndi malamba, komanso zikalata zochokera ku ofesi ya zankhalango zosonyeza kumene mitengo yachokera.

Pa umwini, ndikupemphani kuti mulembetse kopaletivi motsata lamulo la makopaletivi la 1998, kuti ngolo ikhale m'dzina la gulu. Aliyense woigwiritsa ntchito azilipira pa ulendo uliwonse, kuyambira wapampando mpaka membala watsopano. Pa ndalamazo pachoke za dizilo, za dalaivala, za ngongole ndi zosungira kukonzetsa, ndipo zosungirazo zikhale ku akaunti yapadera imene sitapako pa maliro kapena pa ukwati. Mndandanda wa amene ngolo ikupita kwawo uzilembedwa pa msonkhano ndi kupachikidwa poyera. Magulu ambiri amene ndinawaona akutha sanathe chifukwa cha makina, anatha chifukwa cha kope la ndalama.

Tikumbukirenso nthaka. Matani 10 akadutsa pa dothi lonyowa amasiya ngalande zimene mvula imazisandutsa zigwembe. Titute m'chilimwe, tikonzeretu njira zochepa zoti ngolo izidutsa momwemo, tiyale nthambi pa malo ofewa, ndipo tisalowe m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje. Tonse tikudziwa za Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 pa mapiri a Viphya, mmene inaphwasukira chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa. Makina ofulumira m'manja mwa anthu osabzala amangofulumizitsa chipululu. Gulu lililonse logula ngolo likhale ndi nazale yake, ndipo nyengo yobzala mitengo ikafika, kuyambira December mpaka April, libwezeretse hekitala iliyonse imene ladula.

Zimene tikupempha

Amayi ndi abambo, sindinasiye ulangizi kuti ndizingophunzitsa za matayala. Pali zinthu zimene kalabu payokha singathe, ndipo ndi chifukwa chake tili mu mgwirizano wa alimi. Mu 2016 dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Amene adzabzale mitengo imeneyo ndi ife. Munthu amabzala akaona kuti mnzake amene anabzala kale wapindula. Choncho tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, boma liike poyera ndondomeko ya msonkho pa zipangizo za m'nkhalango ndi zitsulo zake zosinthira, ndipo mlimi wa mitengo aziwerengedwa ngati mlimi wina aliyense. Chachiwiri, mabanki akonze ngongole za makina zobweza kwa zaka zingapo, zogwirizana ndi nyengo yodula mitengo, osati za miyezi 12 ngati za feteleza. Chachitatu, sukulu ya zankhalango imene tili nayo konkuno ku Dedza itsegule maphunziro aafupi a oyendetsa mathirakitala ndi makireni m'nkhalango, pa mtengo umene makalabu angakwanitse, ndipo alangizi nawonso aphunzitsidwe kuti asadzachite zimene ndinachita ine. Chachinayi, makhonsolo aike m'mapulani awo misewu ndi milatho yopita kumene kuli mitengo ya alimi, chifukwa ngolo yabwino pa mlatho wa mitengo yowola ndi ngozi chabe. Mafumu athu, makhansala ndi aphungu akabwera kudzapempha mavoti, mfundo zinayi zimenezi tiwapatse zolembedwa.

Koma pamene tikudikira, tichite mbali yathu. Ndikupempha kalabu iliyonse kuti pofika msonkhano wotsatira ibwere ndi pepala limodzi lolembedwa mahekitala ake, mtundu ndi msinkhu wa mitengo, mtunda wofikira pa msewu, kutsetsereka kwa malo, ndi thirakitala imene ingapezeke. Mapepala amenewo tikawaika pamodzi ndi amene adzatiuze ngati tikufunika ngolo imodzi ya matani 7 yokhala ndi kireni, ngolo ziwiri zopanda kireni, kapena ng'ombe zisanu ndi zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mitengo taidikira zaka 20, mwezi umodzi wowerengera sutipha.

A Wapampando, ndathera pamenepa. Amene muli ndi mafunso ndili pompano mpaka madzulo, ndipo amene mukufuna kukaona ngolo ya nkhuku ija ndi maso anu, eni ake anavomera kuti tikhoza kupitako Loweruka.